Mafunso ndi Mayankho: Kodi Magemu a Baseball Amanena Zoona?

Funso: Akonzi, ndimasewera MLB The Show pa PlayStation, koma mnzanga akuti gemu ya makhadi ndi madayisi ngati Strat-O-Matic ndiyo imafanana kwambiri ndi baseball yeniyeni. Zingatheke bwanji kuti pepala lipose kanema?

Yankho: Mnzanuyo sakunama, kungoti magemu awiriwa amayesa zinthu zosiyana. The Show, ya San Diego Studio, imayesa zala zanu. Mukachedwa kugwedeza ndodo ndiye kuti mwaphonya, womenyayo kaya akhale katswiri wotani, ndipo munthu wa zala zachangu amasandutsa wosewera wamba kukhala chilombo.

Mu Strat-O-Matic, imene Hal Richman anatulutsa mu 1961, zala sizilowamo. Mumaponya madayisi atatu. Loyamba likagwa pa 1, 2 kapena 3 mumawerenga khadi la womenya, likagwa pa 4, 5 kapena 6 mumawerenga la woponya. Awiri otsalawo mumawaphatikiza n'kupeza nambala yoyambira 2 mpaka 12, ndipo mzere umenewo ndiwo umanena chimene chachitika. Kagwedwe ka madayisi atatu kali ndi njira 216, khadi lililonse 108. Chinsinsi chagona apa: 7 amagwa kasanu ndi kamodzi pa 36, pomwe 2 kapena 12 amagwa kamodzi kokha. Choncho womenya wabwino amamuikira ma hit (kumenya mpira n'kufika pa base bwinobwino) pa 6, 7 ndi 8, wofooka amamuponyera kumalekezero. Mukasewera nyengo yonse ya masewero 162, ziwerengero zimayandikira zenizeni. Out of the Park Baseball, imene Markus Heinsohn anayamba mu 1999, imayenda m'njira yomweyi pa kompyuta, inu n'kukhala manijala osati wogwira ndodo.

Funso: Wothamanga akakhala pa base yoyamba popanda out (wosewera wotulutsidwa), ine ndimalamula bunt (kungougunda mpira pang'ono kuti ugwere pafupi) kuti afike yachiwiri. Kompyuta sichita zimenezi, komabe imandigonjetsa. Gemuyi ndi yolakwika?

Yankho: Ayi, gemu ili bwinobwino, bunt yanuyo ndi imene ikukudyerani ma run, zigoli za baseball. Mu inning (chigawo cha sewero chimene timu imamenya mpaka ma out atatu) muli mikhalidwe 24, kutengera ma base amene ali ndi anthu ndi kuchuluka kwa ma out, ndipo uliwonse uli ndi mtengo wake. Ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, wothamanga pa base yoyamba popanda out amabweretsera timu ma run pafupifupi 0.9 inning isanathe. Akakhala pa yachiwiri pali out imodzi, zimatsika kufika pafupifupi 0.7. Ndiye kuti ngakhale bunt itayenda bwino mwataya, ndipo siyenda bwino nthawi zonse: mpira umadumphira m'mwamba n'kuwakhidwa, kapena wothamanga wakutsogolo amatulutsidwa pa base yachiwiri. Muli ndi ma out 27 okha pa sewero, musamagawe ngati mtedza.

Bunt isungireni kumapeto, monga inning ya 9 zigoli zikufanana, pamene run imodzi ikukwanira ndipo womenya ndi wofooka. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2022 oponya samenyanso mu National League, limodzi mwa magawo awiri a MLB, pomwe kale iwo ndiwo ankachita bunt kwambiri. Mukaseweranso nyengo zakale, monga za m'ma 1960, onetsetsani kuti makonzedwe a ligi ndi a chaka chimenecho, apo ayi kompyuta idzasewera zamakono itavala yunifolomu yakale.

Funso: Nanga kuba base, ndi liti pamene kumapindula?

Yankho: Wakubayo azipambana kosachepera kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi. Popanda out, akafika yachiwiri mwapindula pafupifupi 0.25 ya run, koma akagwidwa mwataya pafupifupi 0.6. Musangoona liwiro lake lokha. Onaninso mkono wa wowakha (amene amakhala kumbuyo kwa womenya) ndi luso la woponya pomugwira wothamanga pafupi ndi base. Mu 2023 MLB inakulitsa ma base kuchoka pa mainchesi 15 kufika 18, n'kuchepetsanso maulendo amene woponya angaponyere ku base, ndipo akuba anayamba kupambana pafupifupi kasanu ndi katatu pa khumi. Gemu imene ikukulolani kuba mosavuta chotero mu nyengo ya 2015 ikukunyengererani.

Funso: Womenya wanga wa avereji ya .300 walephera maulendo 12 otsatizana. Woponya wanga nayenso amangogwa ikafika inning ya 6. Kompyuta ikubera, eti?

Yankho: Pepani, siikubera. Wa .300 amalephera kasanu ndi kawiri pa khumi. Mwayi woti atuluke chimanjamanja pa maulendo anayi ndi pafupifupi 24 pa 100, ndipo pa maulendo 12 ndi kamodzi pa 72. Pa nyengo ya maulendo 550 zoterezi kawirikawiri zimachitika. Gemu yokayikitsa ndi imene katswiri wake sakhala ndi sabata yoipa.

Za woponyayo, pali zinthu ziwiri. Kutopa kumayamba kuoneka akamayandikira mipira 100, komanso omenya amachita bwino akakumana naye kachitatu m'sewero lomwelo, zomwe kawirikawiri zimagwera mu inning ya 5 kapena 6. Yambani kutenthetsa wolowa m'malo pamene woyamba pa mndandanda akubwera kachitatu, osadikira ma base adzaze. Posankha wolowayo ganizirani anthu atatu akubwerawo, chifukwa kuyambira 2020 woponya ayenera kukumana ndi omenya atatu kapena kumaliza inning. Wamanzere amene mwamubweretsera womenya wamanzere mmodzi akhoza kupsa ndi akumanja awiri otsatira.

Funso: Ndapeza khadi la wosewera wosadziwika, lodzaza ma home run (kumenya kozungulira nako ma base onse). Ndimuseweretse tsiku lililonse?

Yankho: Onani kaye anamenya kangati m'chaka chimene khadilo likuimira. Amene anamenya maulendo 40 n'kuchita mwayi amapeza khadi loposa la akatswiri, pomwe akanapatsidwa 500 zikanamuthera. Magulu ambiri osewera Strat-O-Matic kapena APBA, gemu inanso ya makhadi ndi madayisi, amaika malire: wosewera asapitirire kwambiri maulendo amene anamenyadi. Khadi loterolo lisungireni pa benchi, azilowa kudzamenya kamodzi kumapeto pamene pavuta.