Mbewa ya pa desiki, a wamchira ndi chithunzi chozondoka

Makalata amene ndalandira ulendo uno ambiri akufunsa za mayina a zipangizo zamakono. Ndasankhapo asanu.

Mwana wanga akuti kachipangizo kamene timakankha ndi dzanja pogwiritsa ntchito kompyuta ndi "mbewa". Ine ndimati "mausi". Wolondola ndani?

Musakangane, nonse mukunena chinthu chimodzi. Mausi m'Chingerezi ndi mbewa imene. Kachipangizoka anakatulukira ndi Douglas Engelbart wa ku America, ndipo anakaonetsa kwa anthu mu 1968 mumzinda wa San Francisco. Koyambirira kenikeni kanali kabokosi kathabwa kokhala ndi timawilo tiwiri kunsi kwake, batani limodzi pamwamba, ndi chingwe chotuluka ngati mchira. Mchirawo ndiwo unabweretsa dzina. Ziyankhulo zambiri zinangotenga nyamayo n'kuitchula m'mawu awo: Afalansa amati souris, a ku Spain amati ratón, Chiswahili chimati kipanya. Choncho mwana wanu sanalakwe, wachita zomwe anzathu anachita kale.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti Chichewa chimasiyanitsa mbewa ndi khoswe. Mbewa ndi yakutchire, khoswe ndiye wa m'nyumba. Kanthu kamene kamakhala pa desiki usana ndi usiku kakanayenera kukhala khoswe. Koma ndani angalole kugwira khoswe m'manja tsiku lonse? Tisiye mbewa yomweyo.

Vuto la "mausi" lili pa kagwirizanidwe ka mawu. Mvetserani bwino anthu akamayankhula: wina amati "mausi yanga yasiya kugwira ntchito", wina amati "mausi anga asiya". Wachiwiriyu khutu lake lamva "ma-" woyambirirayo ngati "ma-" wa m'mawu akuti mabuku, madengu, makasu, ndiye akuwatenga ngati mawu ochulukitsa. Si zachilendo. Mawu akuti "makina" ndi obwereka, Chipwitikizi chili ndi máquina, koma ife timati "makina awa", "makina anga", ngakhale makinawo akhale amodzi okha. Palibe amene amafunsa kuti nanga limodzi lake ndi "kina" kodi. Komabe si mawu onse amene amagwa mu msampha umenewu. "Kamera" amayamba ndi "ka-" ngati kamwana kapena kampeni, koma timati "kamera yanga", osati "kamera kanga", ndipo zikachuluka ndi makamera, osati "timera". "Kanema" nayenso anakana kuchepetsedwa: timati "kanema uyu", "kanema wabwino".

Ine polemba ndimati "mbewa ya kompyuta" koyamba, kenako "mbewa" basi. Poyankhula ndimati "mausi yanga". Mukauza munthu wokonza makompyuta kuti mbewa yanu yafa, akhoza kukufunsani kaye kuti munkaiweta bwanji.

N'chifukwa chiyani timati "kuimba foni"? Foni si nyimbo.

Belu nalonso si nyimbo, koma timaimba belu. Ng'oma timaimba, likhweru timaimba. Mneni ameneyu ndi wotakata kuposa kutulutsa nyimbo pakamwa: amatanthauzanso kuchititsa chinthu kuti chimveke. Mukaimba foni, mukuchititsa belu la mnzanu kulira kutali. Onani kuti mbali ya wolandirayo mneni amasintha. Sitinena kuti foni ikuimba, timati foni ikulira, monga momwe belu limalirira wina akaliimba. Akuluakulu ena mpaka lero amati "kutchaya lamya", ndipo kutchaya n'kumenya, monga timatchayira belu lomwelo.

Palinso "halo" amene timayamba naye. Alexander Graham Bell, yemwe analandira chiphaso cha umwini wa telefoni mu 1876, ankafuna kuti anthu aziyankha foni ndi mawu akuti ahoy, omwe amalinyero amakuwira anzawo panyanja. Thomas Edison, katswiri wina wotulukira zipangizo, ndiye anakonda hello, ndipo zake ndi zomwe zinapambana. Zikanatembenuka, bwenzi lero agogo akunyamula foni n'kunena kuti "Ahoyi, ndani kodi?"

Ndikamauza munthu adiresi yanga ya imelo pa foni, chizindikiro cha @ ndimachitchula kuti "ati". Tsiku lina munthu anandiyankha kuti, "Ati chiyani?" Kodi chili ndi dzina la Chichewa?

Funso lanu landikomera kuposa onse. Munthuyo sanalakwe ngakhale pang'ono. M'Chichewa "ati" ndi mawu athu kale, ndipo amagwira ntchito ziwiri: kufotokoza zimene wina wanena, monga "ati abwera mawa", ndi kufunsa, monga "mabuku ati?" Ndiye inu mutatchula dzina lanu n'kunena kuti "ati", mnzanuyo anadikira kuti amve zimene anenazo.

Dzina lokhazikika la Chichewa palibe, ndipo m'pomveka, chifukwa chizindikirochi chinafika kwa ambiri a ife limodzi ndi imelo. Chokhacho n'chakale kwambiri: amalonda a ku Ulaya ankachilemba m'mabuku awo a malonda zaka mazana angapo zapitazo. Mu 1971 Ray Tomlinson, pokonza njira yotumizira uthenga kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, anafuna chizindikiro cholekanitsa dzina la munthu ndi dzina la makina, chimene sichipezeka m'dzina la munthu aliyense. Anayang'ana pa kiyibodi n'kutola @.

Chosangalatsa ndi mmene mitundu ya anthu inachionera. Adatchi amati ndi mchira wa nyani. A ku Italy amati ndi nkhono. A ku Sweden amaona chilembo cha "a" chokhala ndi chitamba cha njovu, pomwe a ku Russia amangoti galu. Aliyense anayang'ana kachizindikiroko n'kutchula chimene maso ake anamuuza.

Ife tingachite chimodzimodzi osavutika. Zilembo m'Chichewa timazitenga ngati anthu: timati "a wamkulu", "a wamng'ono". Ndiye ndikupereka ganizo loti tiziti "a wamchira", kapena "a wozingidwa". Ine ndakhala ndikuyesa "a wamchira" pa foni ndipo sindinabwezedwepo funso. Koma ndisakunamizeni, ili ndi ganizo langa chabe, simulipeza mu mtanthauziramawu. Likafalikira ndiye kuti lapsa, likapanda kufalikira tipitiriza ndi "ati" wathu wosokonezayo.

"Ndamujambula" akutanthauza chiyani kwenikweni: ndi pensulo, ndi kamera, kapena mawu ake?

Zonsezo, ndipo n'chifukwa chake mawuwa amafuna mnzake pambali pamene nkhani siikudziwikiratu. Nenani kuti "ndamujambula pamanja", "ndamujambula ndi foni", "ndamujambula mawu". Ena amati "kutola chithunzi" pofuna kunena za kamera yokha, ndipo pa mawu mumamvanso "kutepa", lomwe latsalira kuyambira nthawi ya matepi ngakhale tepiyo anthu ambiri sakuionanso. Wopita kukaima patsogolo pa kamera amati akukajambulitsa, ndipo wopita kukaunikidwa mafupa kuchipatala amanenanso chimodzimodzi.

Musaone ngati Chichewa chasauka pogwiritsa ntchito mneni mmodzi pa zonsezi. Mawu a Chingerezi akuti photography anapangidwa kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki, otanthauza kuwala ndi kulemba kapena kujambula. Nawonso anaona kamera ngati mmisiri wojambula, kungoti pensulo yake ndi kuwala.

Ndipo mmisiri ameneyu poyamba ankachedwa zedi. Mu 1838 Louis Daguerre, mmodzi mwa oyambitsa luso lojambula ndi kamera, anajambula msewu wina wa mu Paris wotchedwa Boulevard du Temple. Msewuwo unali wodutsa anthu ndi ngolo, koma pa chithunzipo ukuoneka wopanda kanthu, poti kamera inkafuna mphindi zingapo kuti igwire chinthu, ndipo chilichonse choyenda chinafufutika. Amene akuoneka bwino ndi bambo mmodzi pakona, mwendo uli pamwamba, akupukutitsa nsapato. Anangoima nthawi yokwanira, osadziwa n'komwe kuti akujambulidwa. Taonani mneni ameneyo: anajambulidwa, sanajambulitse.

Mawu ena otsalira ndi "kutsuka zithunzi". Kale filimu inkaviikidwadi m'mankhwala amadzimadzi m'chipinda chamdima. Lero chithunzi chimachoka mu foni kupita pa pepala osakhudza dontho la madzi, koma tikutsukabe. Ine sindiona chifukwa chowaletsera.

Ndinalemba kuti "chithunzi anachipachika chagada" ndipo mkonzi anasintha n'kuika "chozondoka". Kusiyana kwake n'kotani?

Mkonzi wanu anakuthandizani. "Chagada" ndi kugona msana uli pansi, nkhope ikuyang'ana kumwamba. Mnzake wotsutsana naye ndi "chafufumimba", mimba pansi. Awiriwa amanena za chinthu chogona. Chithunzi cha pakhoma sichigona, chimaima, ndiye chikalakwika ndiye kuti kumutu kwapita kumiyendo. Pamenepo mawu ake ndi "chozondoka" kapena "mozondoka", ndipo wochita zimenezo wachizondotsa. Palinso "chadodolido", amene ine ndimamusungira zinthu zokhala ndi mutu weniweni, monga mleme mu mtengo kapena mwana wosewera miyendo ili m'mwamba. Chithunzi mutachiika pa tebulo nkhope yake ikuyang'ana kudenga, apo pokha ndiye "chagada" angalowe.

Kulakwitsa kwa mtundu umenewu kunachitikapo pamalo amene simungayembekezere. Mu 1961, nyumba yosungiramo zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inapachika mozondoka ntchito ya katswiri wa zojambula Henri Matisse yotchedwa Le Bateau, ndipo inakhala choncho masiku 47 mpaka mlendo wina wodzaona anazindikira. Sitingawaseke kwambiri: ndi bwato limodzi ndi chithunzithunzi chake m'madzi, kumwamba ndi kunsi kukufanana. Pa ntchito imeneyinso mneni wathu uja amaterereka, chifukwa Matisse anachita kudula mapepala opaka utoto n'kuwamata, ndiye "anajambula" sakukwanira bwino. Ine ndingati "anapanga".

Ina ndi ya katswiri wina wa zojambula, Piet Mondrian, yotchedwa New York City I, yopangidwa ndi timizere ta tepi yomatira yamitundumitundu. Mu 2022 katswiri wina ku Düsseldorf, m'dziko la Germany, anaona kuti yakhala ikupachikidwa mozondoka kwa zaka zoposa 70. Sanaitembenuze. Tepiyo inali itayamba kale kumatuka, ndipo anaopa kuti akaizondotsanso ithothoka. Anaisiya chozondoka chomwecho, osati chagada.