Ndikufuna kudzawerenga nkhani pa wayilesi, ndiyambire pati?

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa Fomu 4 ndipo anzanga amanena kuti mawu anga ndi oyenera pa wayilesi. Ndimalakalaka kudzawerenga nkhani pa wayilesi kapena pa kanema, koma makolo anga akuti ntchitoyi ndi ya ana a m'tauni. Kodi ndiyambire pati?
Wowerenga wa ku Namwera, Mangochi

YANKHO: Mwanangu, mawu okoma ndi mphatso ndithu, koma sindikubisira kuti paokha sangakulowetse ntchito. Wowerenga nkhani amayamba wakhala mtolankhani. Mphindi khumi zimene umamva pa MBC, pa Zodiak kapena pa Times zimatuluka m'ntchito ya tsiku lonse: kukumana ndi mkonzi m'mawa, kupita kumene kwachitika zinthu, kuimbira lamya mbali zonse zokhudzidwa, ndi kulemba m'ziganizo zoti agogo amene akusenda chinangwa pakhonde amve kamodzi n'kumvetsa, pakuti womvera wayilesi sangabwerere m'mbuyo monga amachitira wowerenga nyuzipepala. Nkhani zambiri zimafika m'Chingerezi, choncho amene amatha kuzimasulira m'Chichewa chomveka, osapotoza tanthauzo, amafunidwa kwambiri. Ndiponso dzina la mfumu kapena la mudzi ukalitchula molakwika, eni ake amakhumudwa, ndipo chikhulupiriro chawo pa nkhani yonseyo chimachepa.

Za maphunziro, limbikira kuti ukhoze bwino MSCE, makamaka Chingerezi ndi Chichewa. Sukulu ya Malawi Institute of Journalism imapereka satifiketi ndi dipuloma ya utolankhani, pomwe ku MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, ku Blantyre, kuli maphunziro a digiri.

Makolo ako ndikuwamvetsa, chifukwa kwa zaka zambiri kuchokera mu 1964 MBC inali wayilesi yokhayo ya dziko lino, ndipo kanema wathu anayamba mu 1999, moti mipata inalidi yochepa ndiponso ya ku Blantyre. Lero zinthu zinasintha. M'boma lanu lomwelo muli likulu la Radio Maria, komanso ku Monkey Bay kuli Dzimwe Community Radio. Ukamaliza mayeso, pita ukapemphe mwayi wothandiza mongodzipereka, ngakhale atakupatsa ntchito yowerenga mauthenga okha, chifukwa m'situdiyo ndi mmene mantha a maikolofoni amathera. Ngati umayankhula Chiyao, monga anthu ambiri a ku Namwera, usachite nacho manyazi m'pang'ono pomwe: MBC imaulutsa nkhani m'Chiyao, ndipo mwana wokulira m'tauni amene sadziwa chiyankhulochi sangapikisane nawe pamenepo.

Uwauzenso makolo zoona zake, kuti malipiro oyambira amakhala ochepa, ndipo nkhani sizidziwa Eid kapena Khirisimasi. Ena amalawirira m'bandakucha kukakonza nkhani za m'mawa. Pakadali pano, tenga nyuzipepala tsiku lililonse, sankha nkhani imodzi, uifupikitse m'ziganizo zisanu, uiwerenge mokweza ukudzijambula pa foni, kenaka uwapatse aphunzitsi ako a Chichewa amvetsere kuti akuuze pamene wathamanga ndi pamene wameza mawu.