Mfundo muli nazo, nanga bwanji sakukumverani?

Kalatayi inandipeza Lachiwiri usiku magetsi atazima. Alemba ndi mayi wina wa ku Area 23, msungichuma wa banki m'khonde. Gulu lawo limakakamiza membala aliyense kutenga ngongole pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, moti ena ayamba kuzemba misonkhano. Iwo ayesa kanayi konse kunena kuti lamuloli lisinthe. Ulendo womaliza wina anangoti, "Inu mumadzimva sukulu," anthu n'kuseka, nkhani n'kufera pomwepo. Akufunsa kuti, "Ndiziyala bwanji mfundo zanga kuti anthu andimve?"

Amayi, mawu amenewo anandilasa pamtima, chifukwa inenso ndinauzidwapo zomwezo, pamaso pa abale, bambo anga asanathe ndi mwezi womwe m'manda. Mundilole ndiyambire kumeneko.

Bambo anatisiya mu 2014. Anasiya nyumba ya zipinda zitatu ku Kawale, tinyumba tiwiri ta lendi kuseri, mayi, ine wachisamba wa zaka 24, ndi ang'ono anga atatu, chitsirizira ali sitandade 6. Patapita masabata atatu, abale a bambo anabwera kuchokera kumudzi kwawo cha ku Mitundu kudzakamba za katundu. Tinkadziwa kale chomwe abwerera. Abambo aakulu anali atayamba kunena kuti nyumba igulitsidwe, ndalama zigawidwe, mayi abwerere kwawo ku Dedza ndi ana awo, poti kwa ife Achewa ana ndi a kuchikazi.

Ine ndinakonzeka ngati wokalemba mayeso. Ndinali nditamva kuti mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, loika mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana patsogolo, ndiponso loti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Ndinapita ku Old Town kukasindikiza masamba ake, n'kudula mizere ndi bolopeni yofiira, usiku wonse ndili chiwerengere.

Tsiku litafika, amuna anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, amayi pamphasa chapatali. Abambo aakulu asanamalize n'komwe mawu oyamba, ine ndinadzambatuka, osagwada, mapepala ali m'manja. Ndinawerenga m'Chingerezi, n'kumasulira ndekha. Ndende ndinaitchula kawiri. Chilichonse chimene ndinanena chinali choona, ndipo lero lomwe nditha kuchibwereza pamaso pa woweruza. Koma ndinkaona nkhope zikuuma imodzimodzi. Azakhali, omwe m'mawa womwewo anandikumbatira akulira, anakoka chitenje n'kuyang'ana kumbali. Abambo aakulu anati, "Mwanayu akudzimva sukulu. Ndiye kuti ife tabwera kudzaba?" Anatola chipewa chawo kuti azipita.

Amene anapulumutsa nyumba ija ndi ankhoswe a mayi, malume awo, nkhalamba yolekezera sitandade 3. Anawomba m'manja mofatsa n'kupempha abambo aakulu kuti akhale kaye pansi. Za nyumba sanayambe nazo. Anakumbutsa bwalo kuti chaka china abambo aakulu atagulitsa fodya ku Kanengo, ndiwo anapereka ndalama ya malata a nyumbayo. Anakumbutsa kuti azakhali ndiwo anagona pasimenti masabata awiri kudwazika mlongo wawo. Kenako ananena chinthu chimene ine sichinandifikepo m'mutu ngakhale kamodzi.

"Mantha anu ndikuwadziwa. Mukuopa kuti mlamu wanuyu akadzakwatiwanso, mwamuna wachilendo adzagona pansi pa malata amene munagula inu, ndipo inu mukadzabwera m'tauni muno ndi matenda mudzasowa pogona."

Abambo aakulu anagwedeza mutu pang'onopang'ono, chipewa chija n'kuchiika pabondo. Nkhani yeniyeni inali imeneyo. Ine ndinkangoona umbombo, choncho ndinakonzera umbombo mankhwala, pamene matenda anali mantha. Ankhoswe anapitiriza: "Tsono tithandizane nzeru. Nyumba ikagulitsidwa Loweruka, Lolemba kamtsikana aka kadzukira kuti popita kusukulu? Ndani mwa ife akatenga? Ine kwanga ndili kale ndi adzukulu asanu." Panali zii. Atatero anayala pempho lawo: nyumba ikhale ya ana onse anayi, isagulitsidwe, kanyumba kamodzi kakuseri kakhale kofikira abale akabwera kuchipatala, njinga, wailesi, masuti ndi munda wakumudzi zipite kwa abale. Lamulo langa lija analitchula kamodzi kokha, kumapeto, motsitsa mawu: "Tikatero ngakhale a boma sadzatipeza chifukwa."

Patapita miyezi m'pamene mayi anandiululira kuti dzulo lake madzulo ankhoswewo anakhala ndi azakhali paokha kuseri kwa nyumba mpaka tiyi kuzizira, ndipo za mantha aja anazimva kwa iwo. Nkhanga zinapangana kusanache.

Musandimve molakwa, Amayi. Sindikuti ndinalakwa kulankhula. Mpaka lero zimandiwawa kuti mfundo yoona inalandiridwa itachokera pakamwa pa mwamuna wa imvi, pamene inakanidwa itachokera kwa mtsikana amene bambo ake ndiwo amwalira. Zimenezi n'zosalungama ndipo sindidzazikometsera. Pali anthu amene yankho lawo kwa mkazi aliyense wolankhula pagulu ndi lakuti adzichepetse, kutanthauza kuti atseke pakamwa. Amenewo musawamvere. Mawu akuti "mumadzimva sukulu" si yankho la mfundo iliyonse. Ndi njira yothawira mfundo n'kuyamba kugenda munthu, ndipo amene amawagwiritsa ntchito nthawi zambiri amakhala kuti zonena zamuthera. Cholakwa changa chinali poyambira. Ndinayamba ndi chikwapu pamaso pa anthu amene anali asanamve kuti ndikuwawerengera ngati abale, ndipo ndinawasiya ndi njira ziwiri zokha, kuvomera kuti ndi akuba kapena kunyamuka. Palibe wamkulu amene angasankhe yoyambayo ana akuona.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti Aristotle, wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo anaphunzitsa kuti chimakopa anthu ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhulayo, mmene mitima ya omvera yakhudzidwira, ndi mfundo zimene zayalidwa. Ine ndinali ndi chachitatu chokha. Ankhoswe aja, omwe dzina la Aristotle sanalimvepo mpaka kulowa m'manda, anali nazo zonse, ndipo ankadziwa choyamba kutulutsa.

Mayi anga amakonda kusimba za Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pamene m'matchalitchi a Katolika dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Iwo anali m'tchalitchi tsiku limenelo, ine ndili kumsana. Amati chimene chinawadzidzimutsa n'chakuti munalibe chachilendo m'kalatamo. Inkakamba za malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ana odzadza m'makalasi, zipatala zoperewera antchito, anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi mantha oti munthu sangalankhule zakukhosi. Zonsezi aliyense ankaziona ndi maso ake, kungoti panalibe wozinena mokweza. Inayamikiranso boma pa zimene linayesetsa pa maphunziro isanaloze zolakwika, ndipo sinatukwane munthu. Inatulukanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi mokha, ndipo ine ndikakumbukira mapepala anga a bolopeni yofiira aja, apa m'pamene pamandigwira kwambiri. Boma linati kalatayo ndi youkira, Monsignor John Roche, mmodzi mwa atsogoleri a mpingowo, anathamangitsidwa m'dziko muno, koma mawu anali atalowa kale m'nyumba za anthu. Pa 14 Juni 1993 pa riferendamu, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Komabe kuno kuchigawo chapakati ambiri anasankha tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. Ndikutchula dala zimenezi kuti mudziwe kuti ngakhale mfundo yoyalidwa bwino chotani sitenga aliyense, ndipo m'gulu lanumo mudzatsala amayi awiri atatu amene sadzakuvomerani mpaka kalekale.

Kusenda mfundo za mnzako

Tsono pali mbali ina imene imandipsetsa mtima. Luso lomweli la kudziwa mantha a anthu ndi limenenso akathyali amadyera. Mavoisi amene amazungulira pa WhatsApp oti ikani K50,000 mulandire yowirikiza sabata yamawa, alaliki ena a m'mabasi a pa depoti, andale nthawi ya kampeni, onsewa amadziwa kugwira mtima. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndafika poti munthu akayamba kundikometsera mawu kwambiri ndimayamba kumufunsa chamumtima kuti kwenikweni akufuna ndikhulupirire chiyani, waika umboni wanji pamphasa, ndipo umboniwo ukulumikizana bwanji ndi chimene akunenacho. Funso lomalizali ndi limene ambiri amagwa nalo. Wina anena kuti gulu lakuti linagawana ndalama zambiri chifukwa limakakamiza ngongole. Chabwino, ndalama anagawanadi. Koma n'chifukwa cha lamulolo, kapena n'chifukwa choti mamembala ake ali ndi mashopu, pamene anu amagulitsa mandasi? Ndipo miyambi nayo tisamaigwiritse ntchito ngati chibonga. Munthu akati mutu umodzi susenza denga pofuna kuti musiye kufunsa za ndalama zosowa, mwambiwo ndi woona koma wauika pamalo olakwika.

Ambiri a ife tinaphunzira zimenezi pa wailesi, nthawi ya mlandu wa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Kaya munali mbali iti, mukukumbukira mmene m'maminibasi munkakhalira chete anthu akumvetsera maloya akupanikiza mboni kwa miyezi. Mumsewu munali phokoso ndi utsi, koma m'khoti muno mu Lilongwe funso linkabwerera papepala: apa panalembedwa chiyani, anafufuta ndi Tippex ndani, anasaina ndani. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo chawo tsiku lathunthu n'kuthetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo tinakavotanso pa 23 Juni. Ine chimene ndinatolapo ndi kuleza mtima kwa kufunsa funso limodzi laling'ono, kudikira yankho, kenako lina. Sizinali zokoma kumvetsera masiku onse, zina zinali zogonetsa tulo, koma umboni umamangidwa choncho, njerwa pa njerwa, ndipo wofuna kumaliza nkhani yonse m'mpweya umodzi ngati mmene ndinachitira ine pansi pa mango paja amangogwetsa khoma.

Ndatalikitsa, Amayi, ndibwere kwa inu. Anzanuwo sakukana chifukwa sadziwa masamu. Akuopa kuti lamulo likasintha, pogawana mu Disembala ndalama idzachepa, ndipo ndalama imeneyo ndi ya feteleza, fizi ya Januwale ndi Khirisimasi ya ana. Muyambe mwanena mantha amenewa inuyo, momveka bwino kuposa mmene iwo angawanenere, ndi kuvomera kuti nanunso mumaidalira. Musanafike pagulu, kaonaneni ndi wapampando panokha, komanso mayi mmodzi amene anthu amamumvera, ngakhale akhale yemwe anakunyozaniyo, ndipo mupite kukafunsa maganizo awo osati kukawaphunzitsa. Umboni wanu uli m'kope limene mumasunga. Wotenga K100,000 amabweza K20,000 yapamwamba mwezi uliwonse, miyezi itatu ndi K60,000, ndipo amene wakakamizidwa kutenga alibe geni amakathera kwa akatapila. Werengani ngongole zimene sizinabwezedwe chaka chathachi, muonetse kuti ndalama ya Disembala ikuchepa kale chifukwa cha lamulo lomwelo, koma dzina la wangongole musatchule ngakhale limodzi. Pemphani chinthu chimodzi chokha. Chiwongoladzanja chisiyeni kaye, mungopempha kuti kwa miyezi itatu ngongole atenge wofuna yekha, kenako mudzaone limodzi m'kope ngati thumba lakwera kapena latsika. Ndipo wina akadzabwerezanso zoti mumadzimva sukulu, musakwiye, mumupatse kopelo m'manja mumupemphe awerengere gulu lonse yekha mzere wa ngongole zosabwezedwa. Mukakumana mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti wapampando anati chiyani mutakhala awiri.