Mwana wanu sakusiya maselefi, koma foni musamulande

Mayi ena okhala kuno ku Massachusetts anditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 16 amangokhalira kudzijambula pa foni, kujambula n'kufufuta mpaka usiku, ndipo walephera mayeso a mbiri ya mmene anthu a ku America anayambira kukana ulamuliro wa Britain. Akufunsa ngati amulande foniyo.

Mayi, imelo yanu yandifika pamtima chifukwa zimenezi zinachitika m'nyumba mwanga. Mkulu wanga atamwalira ndinatenga mwana wake wamkazi kudzakhala naye kuno. Anali mwana wa phee, wothandiza pakhomo. Atazolowera sukulu anayamba kuchedwa m'bafa, poti nyale ya m'menemo imawalitsa nkhope. Nsima inkazizira patebulo. Chimene chinkandiwawa kwambiri ndi nkhope yake akamaliza kujambula. Kumwetulira kuja kunkazima nthawi yomweyo, n'kuyamba kuyang'anitsitsa mphuno yake pa foni ngati ya mdani.

Loweruka lina ndinapita naye ku Boston kukayenda Freedom Trail, njira ya makilomita 4 yotsatira mzere wa njerwa zofiira, yodutsa malo 16 a mbiri yakale. Pafupi ndi Old State House pali miyala yoyalidwa mozungulira, chikumbutso cha anthu asanu amene asilikali a Britain anawawombera pa 5 Malichi 1770. Mwanayo anaifulatira miyalayo, kukweza foni, kupinda khosi. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti mmodzi mwa ophedwawo anali Crispus Attucks, wogwira ntchito m'zombo, wa magazi a ku Africa ndi a eni dziko la America. Anandiyang'ana nati, "Amayi, ndikapanda kuika chithunzi, kusukulu amaiwala kuti ndilipo." Ananena mosaseka. Tinakhala pa benchi nthawi yaitali, ndipo tsiku limenelo anandiuza zinthu zambiri za kusukulu zimene anali asanauzepo munthu.

Ndiye anthu akamati ana amasiku ano ndi odzikonda, ine ndimakana. Wodzikonda sajambula nkhope yake kambirimbiri n'kuifufuta. Mwana wotere akupereka msonkho kuti gulu limuwerengere, ndipo wokhometsa msonkhowo sakhuta.

Mutu umene mwana wanu walepherawo nawonso ndi nkhani ya msonkho. Nkhondo ya Britain ndi France itatha mu 1763, boma la ku London linali ndi ngongole yaikulu. Mu 1765 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Stamp Act, msonkho wa pa nyuzipepala, zikalata za kukhoti, ngakhale makhadi osewerera. Anthu a m'madera 13 a ku America amene ankalamulidwa ndi Britain analibe phungu m'nyumbayo, ndipo anati sangakhome msonkho umene sanavomere. Ife amene agogo athu ankathawira kuthengo akamva za msonkho wa nyumba mu Nyasaland sitifunika kufotokozeredwa kwambiri. Mabuku a kusukulu amakonda kuonetsa chipwirikiti cha m'misewu, koma chimene chinawawa ku London ndi pangano la amalonda a ku New York, Philadelphia ndi Boston loleka kuitanitsa katundu wa ku Britain. Amalonda a ku Britain komweko anadandaula, ndipo mu Malichi 1766 lamulolo linachotsedwa.

Mu 1767 boma la Britain linabwera ndi malamulo a Townshend, msonkho pa magalasi, utoto, mapepala, mtovu ndi tiyi. Apa ndi pamene amayi analowa, ndipo ndi gawo limene ndimalikonda. Ankasonkhana kunyumba kwa abusa ndi zopotera ulusi, kupota tsiku lonse kuti asagule nsalu za ku England. Tiyi anali chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, chinthu chocherezera alendo komanso chodzionetsera kuti pakhomo pali bwino, koma anayamba kuwiritsa masamba a m'dimba m'malo mwake. Pa 25 Okutobala 1774, amayi 51 a ku Edenton ku North Carolina, motsogozedwa ndi Penelope Barker, anasaina mayina awo pa pepala kuti akugwirizana ndi kunyanyala katundu wa Britain. Ku London anawajambula chithunzi chowanyoza. Mayi mmodzi payekha akanasiya tiyi sabata imodzi n'kubwereranso, chifukwa mnzake akanamupatsa kapu pocheza. Anatha kupirira chifukwa mnzakeyonso anali atasaina.

Sindikuti anthuwa anali oyera mtima. Wophwanya panganolo dzina lake linkalembedwa mu nyuzipepala, ndipo ena ankapakidwa phula n'kumatidwa nthenga. Ambiri mwa ofuula za ufulu anali ndi akapolo m'nyumba zawo, ndiponso malo amene ankakhalapo anali olandidwa kwa eni dziko. Zimandipsetsa mtima aphunzitsi akamadumpha zimenezi, makamaka pamaso pa ana athu akuda.

Ngakhale zosintha chithunzi sizinayambe ndi Instagram. Paul Revere, mmisiri wa ku Boston, anasindikiza chithunzi cha kuwomberana kwa mu 1770 kuja, choonetsa asilikali ataima mzere, mkulu wawo akulamula kuwombera anthu odekha. Zoona zake kunali chipwirikiti, anthu akugenda ndi chipale ndi zibonga. Loya John Adams anawaimira asilikaliwo kukhoti, mkulu wawo Captain Thomas Preston ndi asilikali asanu ndi mmodzi anamasulidwa, awiri okha ndiwo anapezeka olakwa. Koma chimene chinatsala m'mitu ya anthu ndi chithunzicho. Muuzeni mwana wanu zimenezi, amvetsa msanga kuposa inu ndi ine, chifukwa amadziwa mmene chithunzi chimanamizira.

Ndipo usiku wa pa 16 Disembala 1773, amuna amene anakwera zombo zitatu padoko la Boston, Dartmouth, Eleanor ndi Beaver, n'kutaya m'madzi mabokosi 342 a tiyi wa kampani ya ku Britain ya East India Company, anadzipaka mwaye kumaso ndi kudzifunditsa ngati eni dziko a mtundu wa Mohawk kuti asadziwike. Ambiri anabisa mayina awo zaka zochuluka. George Hewes, wosoka nsapato, nkhani yake inadzalembedwa m'ma 1830 ali nkhalamba. Mwana wa mkulu wangayo anadabwa kwambiri kuti munthu angachite chinthu chachikulu chonchi osafuna kuti aonekemo.

Tsopano taonani chimene Britain inachita. Mu 1774 inatseka doko la Boston polanga anthu chifukwa cha tiyi uja. Madera ena, amene kale ankakangana okhaokha, anayamba kutumiza chakudya, mpunga kuchokera ku South Carolina, nkhosa kuchokera ku Connecticut. Mu Seputembala chaka chomwecho nthumwi za madera 12 zinakumana ku Philadelphia, ndipo mu Epulo 1775 mfuti zinalira ku Lexington ndi Concord, nkhondo n'kuyamba. Mayi, mukalanda foni ija mwatseka doko. Anzake amubwereka yawo, atsegula akaunti ina imene inu simukuidziwa, ndipo chimene chikumudya mumtima sadzakuuzaninso. Ndaona makolo athu ambiri kuno akuchita zimenezi poganiza kuti akulera mwachimalawi, ndipo sindinaone pamene zinathandiza.

Ndiye mutani?

Pezani anzake awiri kapena atatu ndi amayi awo, mupangane nonse masiku osaika zithunzi. Kwathu tinayamba ndi Lamlungu, kenako tinawonjeza nthawi ya chakudya, ndipo foni yanga inkagonanso m'dengu lomwelo. Pa Instagram pali posankha kubisa chiwerengero cha malaiki, mukhale naye pansi achite yekha. Mupatseni china choti ajambule: apite nanu ku manda a Granary Burying Ground ku Boston, apeze mwala wa manda a Attucks ndi anzake, aujambule, akufotokozereni nkhani yake m'mawu ake. Kumeneko ndi kuwerengera mayeso kale. Lamulo lokhalo limene musanyengerere ndi la malo oopsa, chifukwa ofufuza a ku India anawerenga anthu 259 amene anafa podzijambula pakati pa 2011 ndi 2017, ambiri pomira m'madzi. Ndipo mukaona kuti wayamba kusala chakudya, kubisa nkhope kapena kulira chifukwa cha maonekedwe ake, pitani naye kwa dokotala kapena kwa mlangizi wa pasukulu sabata yomweyo, musadikire kuti teremu ithe.