Udzudzu ukayamba kuyankhula m'buku

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Zomba. Akuti mnzawo anawabwereka buku la Namwali Serpell, mlembi wobadwira ku Lusaka, lotchedwa The Old Drift, ndipo lawazunguza mutu. Muli udzudzu woyankhula, mayi womera tsitsi thupi lonse, ndi wina wolira zaka zambirimbiri osatonthola. Funso lawo ndi lakuti: kodi nzeru zawachepera, kapena bukulo ndiye lopanda mutu? Alisiye?

Achemwali, nzeru sizinakuchepereni ayi. Inenso nditafika pomwe mwafikapo ndinalitseka kwa masabata awiri.

Koma taganizirani izi. Agogo akati "padangotero", ife n'kuvomera kuti "tili tonse", Kalulu ankayankhula, Fisi ankapita kukafunsira mbeta, mtsikana ankaimba ali m'kati mwa ng'oma. Palibe mwana ankadzutsa dzanja kufunsa ngati zimenezi n'zotheka. Tinkangomva mantha, kapena chisoni, kapena kuseka mpaka kugwa pamphasa. Chinatisintha ndi sukulu. Kumeneko tinazolowera kuti buku lililonse lili ndi phunziro lobisika, ndipo ntchito yathu ndi kulifukula kuti tikhoze mayeso. Ndiye tikakumana ndi buku losafuna kutiuza phunziro lake, timamva ngati talephera mayeso omwe palibe watipatsa.

Udzudzu uja ukugwira ntchito ya agogo. Ndiwo ukusimba nkhani, umalowerera pakati pa mitu, ndipo uli ndi ufulu wotero chifukwa unalipo kuyambira pachiyambi. Old Drift anali malo enieni m'mphepete mwa Zambezi, kumtunda pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pomwe azungu oyamba anamanga misasa, ndipo malungo anawapha ambiri mpaka otsalawo anasamukira ku Livingstone. Ndani wina angasimbe mbiri ya mabanja atatu osiyana khungu a m'bukuli kuposa kachilombo komwe kanayamwa magazi a onsewo?

Tsopano za mayi wolira uja, Matha. Apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa mpomwe bukuli linandigwira pakhosi. Azakhali anga anataya mwana wawo woyamba ine ndili wamng'ono. Maliro anatha, anthu anabalalika, tinameta. Koma kwa zaka zambiri, ukawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, maso awo ankakhala onyowa. Sankalira mokweza. Ankaphika, ankapita kumunda, ankaseka nafe, koma madziwo sankauma. Mlembi akanalemba kuti "Matha anali ndi chisoni kwa nthawi yaitali", ndikanawerenga n'kupitirira. Koma polemba kuti misozi inkangotsika chaka ndi chaka, anandionetsa azakhali anga monga momwe ndinkawaonera ndili mwana. Zosatheka zija zinanena zoona kuposa mawu wamba. Choncho musayambe ndi kufunsa kuti misoziyo ikuimira chiyani. Yambani mwafunsa kuti yakukumbutsani yani.

Ndipo pali chinthu china chomwe mwina simunachidziwe. Zina zomwe zikuoneka ngati zopeka kwambiri m'bukumo zinachitikadi. Edward Mukuka Nkoloso anali munthu weniweni, mphunzitsi komanso womenyera ufulu. Mu 1964, chaka chomwe Zambia inalandira ufulu, iye ankaphunzitsa achinyamata kuti apite kumwezi ndi ku Mars. Ankawalowetsa mumgolo n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere za mlengalenga, ndipo pagululo panalidi mtsikana wotchedwa Matha. Nalo damu la Kariba, lomwe linamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi makampani a ku Italy, linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'midzi yawo. Mbiri yathu kuno ili ndi zodabwitsa zokwanira kale, mlembi anangowonjezera pang'ono.

Sindikubisirani, si zonse zinandikomera. Bukuli ndi lamasamba oposa 500, logawidwa patatu: agogo, amayi, kenako ana. Gawo lomaliza, momwe muli timakina touluka tating'ono ngati udzudzu ndi mafoni oikidwa m'chikhatho, ndinaliona lothamanga, ndipo achinyamata ake sanandilowe mumtima ngati agogo awo aja. Ena amalikonda kwambiri gawo lomwelo, ndipo mu 2020 bukuli linapata mphotho ya Arthur C. Clarke, yomwe imapita ku nkhani zopeka za sayansi. Mphotho simakakamiza mtima wanga, ndipo isakakamizenso wanu.

Kodi mulisiye? Buku lovuta lilipo la mitundu iwiri. Lina umalitseka n'kuliiwala pomwepo, ndipo lotero palibe mlandu kulibweza kwa mwini wake. Lina umalitseka mokwiya, koma ukamatsuka mbale umapeza ukuliganizirabe. Inu mwakhala pansi n'kulemba imelo yaitali, mwatchula tsitsi, misozi ndi udzudzu mosaphonya. Ndikuona kuti lanu ndi lachiwirili.

Chitani chonchi: kumayambiriro kwa buku kuli chithunzi cha mtengo wa mabanja atatu aja, ikanipo kapepala kuti muzibwererapo mayina akakusokonezani. Zigawo za udzudzu muziwerenga mokweza, pang'onopang'ono, chifukwa zinalembedwa kuti zimveke m'khutu. Mukamaliza nkhani ya Matha mundilemberenso, ndikufuna kumva kuti inuyo yakukumbutsani yani.