Malonda a pa 24 Okutobala

Achimwene, mwafunsa zoti muchite pa kagolosale kanu ku Chipata kuti mupindule pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu umene Zambia idalandira mu 1964. Ine ndingayambire pa dzuwa. Mwezi umenewu kumatentha koopsa, ndiye madzi ozizira, mafilizesi ndi maheu siziona kuchedwa. Ayezi guliranitu dzulo lake, magetsi sadalirika.

Zitenje ndi timbendera ta mitundu ya dziko, yobiriwira, yofiira, yakuda ndi ya olenji, pikulani zochepa basi. Pa 25 palibe adzazifunse.

Kutatsala sabata imodzi, jambulani katunduyo muike pa WhatsApp, mtengo ulembedwe poyera. Musatsitse mitengo ayi. Wogula mabotolo asanu muikireni limodzi la basela, ndipo nambala ya Airtel Money muimate pakhomo pomwe.