Yambani ndi nthano zazifupi za zithunzi

Achemwali, mwafunsa za mabuku othandiza mwana kukhala wokoma mtima komanso wachidwi chofuna kudziwa zinthu. Kwa mwana wa zaka 6 ngati wanuyo, yambani ndi timabuku tatifupi ta zithunzi tomwe mungawerenge limodzi usiku umodzi. Pa intaneti pali African Storybook, pomwe nkhani zambiri za Chichewa ndi zaulere, ndipo mutha kuzitsitsa pa foni. Ngati muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, kafunseni za mabuku a ana.

Poti mwati amaseka mnzake wachialubino wa m'kalasi mwake, sankhani nkhani yomwe mwana wooneka mosiyana ndi anzake ndiye mwini nkhani, akusewera, kulakwitsa, kupambana. Mabuku ongolalikira kuti "khalani okoma mtima" ana amawatopa nawo msanga. Wanga anasintha nditayamba kuima pakati pa nkhani n'kumufunsa kuti, "Ukanakhala iweyo, ukanamva bwanji?" Mayankho ake ena ankandiseketsa, koma ankaganiza ndithu.

Pa chidwi chofuna kudziwa zinthu, muuzeni za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe ali ndi zaka 14 anapanga makina amphepo opangira magetsi atawerenga mabuku a mu laibulale. Buku la zithunzi la nkhani yake linatuluka mu 2012, m'Chingerezi, koma mutha kumamumasulira.

Mukaona kuti kusekako kwafika pomenya kapena kuopseza mnzakeyo, musadalire mabuku okha. Kakambiraneni ndi aphunzitsi ake, ndipo zikapitirira, kaonaneni ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha ana ku boma kwanuko.